Kathumba ka zipi koyenda nako kuphiri: zipi ikamakhota, ikamayasamula, singano ikamathyoka

Kathumba koyamba kamene ndinasokera alamu anga, omwe amanyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje, kanabwerera patangotha masabata awiri zipi ili yasaa kumbuyo kwa kamutu kake, kachitsulo koyenda kotseka ndi kutsegula zipi kaja, tochi itagwera kaya pati pakati pa Likhubula ndi Chambe. Sanandikalipire ayi. Anangokaika pamwamba pa makina n'kuti "Alamu, kanthu kanu aka," basi n'kumapita, ndipo zinandiwawa kuposa akanati andilalatire. Kuyambira pamenepo ndasoka timatumba totere tambirimbiri, toikamo foni, tochi, machesi, mapanado, pawabanki, ena amaikamo mbedza ndi twaini akamapita kunyanja, ndipo mavuto ake ndi omweomwewo amangobwerabwera ngati chimfine.

Kathumba ndi kakang'ono koma kamavuta kuposa siketi, shuwa. Chifukwa chake n'chakuti mukulumikiza zinthu ziwiri zosiyana khalidwe. Zipi ndi yolimba, sitamuka, siimva za munthu. Nsalu ya nayiloni ija, ya tenti kapena ya jekete ya mvula ya pa kaunjika, ndi yoterera, yopepuka, imangothawa pansi pa phazi la makina. Ndiye anthufe zikatikanika timathamangira kunena kuti makina aonongeka, tiitane amakaniko, pomwe makinawo alibe mlandu. Anga ndi Butterfly yakuda yopalasa ndi miyendo ija, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala ineyo.

Zipi yokhota ngati njoka

Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Mwamaliza kusoka, mwaika kathumba pa tebulo, zipi ikukwera n'kutsika ngati msewu wa matope wodutsamo mathirakitala. Simungaiwongole ndi nsimbi, musayese n'komwe, nayiloni imasungunuka ndipo nsimbi ya makala ndiye imaboola kamodzi n'kamodzi.

Chimachitika ndi ichi: posoka paja nsalu inatamuka, zipi sinatamuke. Mutachotsa pa makina nsalu ikufuna kubwerera msinkhu wake wakale, zipi yatsala yaitali, ndiye ilowera kuti? Imangopindika. Chimene chimatamula nsalu ndi manja athu omwewa, dzanja lina kukoka kumbuyo lina kugwira kutsogolo ngati tikukama ng'ombe, komanso phazi la makina limakankha nsalu imene ili pamwamba pomwe mano a makina a pansi akukoka imene ili pansi. Nde ine ndimaika zipi pamwamba, nsalu pansi. Phazi likankhe zipi mmene lingathere, siitamuka. Manja ntchito yake ndi kuongolera basi, kukoka ndi ntchito ya makina.

Musanasoke pindani zipi pakati muike kachizindikiro ka choko, pindaninso nsalu pakati muike kena, zizindikirozo zikumane. Kathumba kakakhala kotalikirako ikaninso pakati pa theka lililonse. Mukafika pa chizindikiro n'kupeza nsalu yapitirira, imani pomwepo, phwasulani, osati kumati ndikonzera kutsogolo, kutsogoloko ndi kumene kumakhala chikwinya chachikulu. Ndipo mbali zonse ziwiri za zipi muzisoka kuchokera kumapeto amodzi omwewo. Mukasoka mbali iyi kutsika, inayo kukwera, kathumba kamapotoka ngati chingwe ndipo makona sakumana olo mutani.

Mapini samalani nawo. Nsalu yosalowa madzi mukaibaya bowo lake silitsekeka ngati pa chitenje, limakhala mpaka kalekale. Bayani m'mphepete mwenimweni momwe mubisike mu msoko, apo ayi gwiritsani mapegi oyanikira zovala kapena timakilipi ta mapepala ta mu ofesi tija. Ine ndimakonda mapegi ang'onoang'ono, kungoti ana amandibera n'kumakasewera nawo.

Onaninso momwe mwadulira. Nsalu ija ya timabokositimabokosi, ya ripstop, imakuuzani yokha njira, dulani motsata mizere yakeyo. Mukadula chopingasa imatamuka ngati lasitiki. Amene mumaphwasula maambulera akutha chenjerani apa, zidutswa zake ndi za makona atatu ndiye m'mbali mwake mumakhala mopingasa kale, pezani kaye komwe ulusi wa nsaluyo ukulowera musanaike sizasi.

Zikakhala kuti zonsezi mwachita koma msoko ukadali ndi timakwinya ting'onoting'ono tondondozana, ndiye kuti tenshoni, mphamvu imene makina amakokera ulusi ija, yathina kapena masitichi afupika kwambiri. Talikitsani afike cha m'ma 3 mm, masulani tenshoni ya pamwamba pang'ono. Masitichi oyandikana kwambiri pa nayiloni yopyapyala ali ngati timabowo ta pa lisiti tija, amangoonetsa pong'ambikira. Nsalu ikamaterera kapena kumira m'kabowo ka singano yalani pepala la nyuzi pansi pake, sokani limodzi, mukamaliza ng'ambani pepalalo.

Ulusi wapanga chisa pansi

Pamwamba msoko uli bwinobwino, mukatembenuza pansi mupeza chisa cha mpheta. Aliyense amayamba kutokosa bobini, kokulungira ulusi wa pansi kaja, chifukwa chisacho chili pansi, koma ulusi umene wapiringizikawo ndi wa pamwamba. Ngati simukukhulupirira ikani ulusi wofiira pamwamba, woyera pansi, musoke kachigamba muone mtundu wa chisacho.

Kawirikawiri ndi kuti munalowetsa ulusi phazi lili pansi. Phazi likatsika timbale ta tenshoni timatsekana, ulusi umangodutsa pamwamba osalowa pakati, ndiye ukupita ku singano opanda choukoka. Kwezani phazi, chotsani ulusi wonse, yambiraninso kuchokera pa koni, ndipo onetsetsani kuti wadutsa pa kachitsulo kokwera n'kutsika kaja. Pena vuto ndi kuiwala kutsitsa phazi kumene, makamaka pa kona pamene nsalu zaunjikana, phazi limaoneka ngati lagunda kale pomwe kachogwirira kake kali m'mwamba. Zimenezi zimandichitikira mpaka lero kukamada.

Poyamba msoko gwirani michira yonse iwiri ya ulusi ndi chala kumbuyo kwa phazi mpaka masitichi atatu kapena anayi adutse. Ndipo a makina opalasafe, gudumu lizizungulira kubwera kwa inu. Yambitsani ndi dzanja kenako miyendo ilandire. Likangobwerera m'mbuyo kamodzi kokha ulusi umakolana pansi kapena kuduka, ndipo ophunzira ambiri chimawagwetsa mphwayi ndi chimenechi.

Bobini muikhudze pomaliza. Tulutsani kachitsulo kake bobini ili momwemo, kagwireni pa ulusi kali lende, gwedezani dzanja pang'ono ngati mukuseweretsa mwana. Kakatsika pang'ono n'kuima, zili bwino, kasiyeni. Kakathamangira pansi, kasikuluwu kake kamasuka. Kakakanirira osasuntha, kathina. Potembenuza kasikuluwuko musafike n'kotala yomwe, ndipo chitirani pamwamba pa mbale chifukwa kakagwa pansi pa dothi mwakatsanzika. Muchotsenso fumbi la ulusi pansi pa kachitsulo kosindikiza ulusi kaja, kanyenyeswa kamodzi kokha kamasokoneza tenshoni yonse.

Za ulusi womwewo: wa thonje ayi pa kathumba koyenda panja. Umamwa madzi, umaola, mvula ya chaka chimodzi msoko wayamba kulekana. Tengani wa poliyesitala. Mukakayika yatsani kamchira kake ndi machesi, wa poliyesitala umasungunuka n'kupanga kampira kolimba, wa thonje umayaka n'kusiya phulusa lonunkha ngati pepala. Ena amafuna ulusi wonenepa wa asapato uja poganiza kuti ndiye kulimba, koma makina a kunyumba amaukana, ndipo pa nsalu yopyapyala ulusi wolimba kuposa nsalu umangoicheka nsaluyo.

Singano kuthyoka, makina kulumpha

Yang'anani kaye mtundu wa zipi. Ilipo ya mano a nayiloni opota ngati sipuling'i, ilipo ya mano a pulasitiki akuluakulu olekanalekana ngati ya pa majekete, ndiye pali ya chitsulo ya pa jinzi. Yoyambayo mutha kuidutsa ndi singano, koma pang'onopang'ono, mukuzunguza gudumu ndi dzanja, mukamva yagunda kwezani musunthe nsalu pang'ono kenako tsitsaninso. Ziwiri zinazo musazidutse. Zulani mano ndi pulayazi pamalo pomwe msoko udutse patsale nsalu ya zipi yokha. Musaiwale tizitsulo totsekera kumapeto kwa zipi tija, timabisala pansi pa nsalu, mumangomva thoo, kachidutswa ka singano kaulukira kunkhope. Kanandikhudzapo pa tsaya, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimagula zipi yotalika kuposa kathumba kuti tizitsuloto titsalire kunja kwa msoko ndidzadule pambuyo.

Pa kathumba kakuphiri ine ndimasankha ya nayiloni nthawi zonse. Imapindika bwino, sichita dzimbiri, siikanda galasi la foni. Ya chitsulo ikanyowa ndi chiperoni masiku awiri imayamba kulimba.

Singano nayo ili ndi msinkhu wake. Nsalu yopyapyala ya tenti kapena ambulera imafuna 70/10 kapena 80/12. Ya pakati ngati ya jekete yokhuthalako 90/14. Nsalu ya zikwama zobereka kumbuyo, yokhakhala ija imene ena amaitchula Cordura, 100/16 kapena 110/18. Yaing'ono pa nsalu yokhuthala imapindika n'kugunda chitsulo cha pansi, yaikulu pa nsalu yopyapyala imasiya mabowo olowa madzi. Kuti mudziwe ngati singano ikugwirizana ndi ulusi, ilowetseni pa kaulusi kotalika ngati mkono singanoyo isanamangidwe pa makina, pendeketsani, ikatsetsereka yokha ndiye kuti zikugwirizana, ikamakakamira diso lake lachepa ndipo ulusi uzingonyotsoka n'kuduka. Pogula nenani makina anu, chifukwa za makina a kunyumba zili ndi mbali imodzi yophwatalala kumtunda, pomwe za makina a magetsi a mafakitale a msoko woongoka zambiri ndi zozungulira.

Makina akamalumpha masitichi sinthani singano musanachite china chilichonse. Nayiloni yokutidwa ndi zipi zimabunthitsa singano msanga, maso sangaone koma chikhadabo chimamva, kandani kunsonga. Yatsopanoyo ikwere mpaka igunde kumtunda, ndipo ulusi uzilowera mbali imene kuli kangalande kakatali ka singanoyo. Makina ena akale amalowetsa kuchokera kumanzere, ena kumanja, ndiye musatengere za aneba, tsatani kangalandeko.

Kulumpha kwina kumachitika pa chitunda pokha, pomwe zipi, nsalu ndi lamba zakumana. Phazi limakwera chopendekeka, mphuno m'mwamba, silikugwiranso nsalu. Pindani kachigamba kakhuthale ngati chitundacho, kalowetseni kumbuyo pansi pa phazi kuti likhale mowongoka, dutsani ndi dzanja. Chitunda chikakula kwambiri chimenyeni kaye ndi hamala pa thabwa, chimaphwa, bola musamenye mano a zipi.

Zipi yoyasamula kumbuyo kwa kamutu

Ili ndi lija linatayitsa tochi ya alamu. Mukukoka kamutu kakuyenda bwinobwino koma kumbuyo kwake mano sakulumana. Anthu amati zipi yatha, n'kuphwasula kathumba konse, pomwe nthawi zambiri manowo ali bwino, chatha ndi kamutu. Mkati mwa kamutu muli njira ziwiri zokumana kukhala imodzi, ndiyo imakanikiza mano kuti alumane. Kakagwira ntchito nthawi yaitali kamaperepeseka ndipo kukamwa kwake kumakula, ndiye mano amangodutsamo osagwirana. Ine kulakwa kwanga ndinatenga zipi ya pa chikwama cha kaunjika ndi kamutu kake komwe, osaona kuti kanali katatopa kale kwa eni ake kunjako.

Mukakhala kutchire, kapena kasitomala waima pakhonde akudikira, bwezerani kamutu koyambira, tengani pulayazi, finyani kumbuyo kwake, kuja kumatulukira mano olumana, chitsulo cha pamwamba ndi cha pansi ziyandikane. Mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, yesani. Pang'ono ndikutanthauza pang'ono zedi amwene, ngati mukutsina khanda. Timitu tambiri ndi ta chitsulo chosachedwa kuthetheka, mukafinya mwamphamvu kamakanirira osayendanso, mukati mukatsegule ndi mpeni kamathyoka. Ndipo dziwani kuti uku n'kungogula nthawi, kamutu kofinyidwa kamadzayasamulanso.

Mankhwala enieni ndi kamutu katsopano ka nambala yomweyo ndi mtundu womwewo. Tembenuzani kakaleko, kumsana kwake nthawi zambiri kumakhala nambala, 3, 5, 8 kapena 10. Nambalayo ikunena pafupifupi mamilimita a kufutukuka kwa mano zipi ikatsekedwa, ndiye ikafufutika yezani ndi tepi. Kamutu ka zipi ya nayiloni sikayenda pa ya mano a pulasitiki olo nambala ifanane. Popita kumsika tengani kathumbako mukayesere komweko, zongoyerekeza ndi maso ndinasiya nditadzaza kachitini ndi timitu tosagwira ntchito. Pa timatumba ta foni ndi tochi nambala 5 ndiye yabwino. Nambala 3 ndi yopepuka inde koma ndi ya madiresi ndi timatumba ta m'kati, munthu wa zala zozizira akaikoka mwankhanza sichedwa. Za YKK, kampani ya ku Japan ija, zimakhalitsa, n'chifukwa chake pa kaunjika ndimatembenuza kamutu ka chikwama chilichonse chong'ambika kuona zilembo zitatuzo, koma panopa ndimayesa kaye kutseka n'kukoka mbali zonse ziwiri mwamphamvu ndisanaiike pa kathumba ka munthu.

Chimene chimadya kamutu ndi mchenga ndi fumbi. Anzathu a kunyanja, a ku Mangochi kapena Nkhata Bay, kathumba amakaponya pa mchenga tsiku lonse, timchengato timalowa m'mano n'kumapala kamutu mkati ngati sandipepa. Auzeni azitsuka zipi ndi mswachi wakutha ndi madzi a sopo. Mafuta ophikira kapena a makina asapake, amaitana fumbi lina. Ikalimba pakani kandulo pang'ono n'kupukuta, ya chitsulo imamvanso pensulo. Koma mano okha akaphwanyika, kapena ulusi umene umagwira mano a nayiloni ku nsalu yake ukaduka, palibenso zonyengerera, zipi yonse ichoke.

Kwinanso ndi kudzazitsa. Kathumba ka foni munthu waikamo foni, chaja, mpeni, mtedza, zipi ikuchita kulira potseka. Pamenepo wolakwa si kamutu, sokerani wina wokulirapo.

Kamutu kavuka, kapena mwadzitsekera kunja

Zipi zogula pa mita zilibe zotsekera, ndiye mukangodula n'kukoka mosaganiza kamutu kali m'manja. Osadandaula. Lekanitsani mbali ziwirizo kumapeto, dulani mano a mbali imodzi pafupifupi sentimita imodzi kusiya nsalu yake, wambani pa moto pang'ono kuti pasayoyoke. Lowetsani mbali yaitaliyo kaye ku mphuno ya kamutu, kuja kuli makomo awiri, kenako inayo, gwirani michira yonse ndi zala n'kukankha. Kakalowa mbali ina itatsogola zipi imatupa mbali imodzi, vulani muyambirenso, pena mpaka kachitatu. Manja akachepa kolekani kamutuko pakati pa mano a foloko, mwana akugwirireni folokoyo. Kakangolowa sokani timasitichi todutsa mano kumapeto konse kuwiri nthawi yomweyo, osadikira.

Ndimaikanso tizigamba kumapeto kwa zipi, kansalu kopinda kophimba mano. Timatseka kabowo kaja kamatsala pakona, timaletsa kamutu kugunda msoko, ndipo makona amatuluka osongoka bwino chifukwa mano salowa mu msoko wa m'mbali.

Ndiye pali ichi chimene aliyense anachitapo koma savomera: kusoka kuzungulira kathumba konse kali chotembenuza, zipi ili chitsekere. Mwamaliza, mukufuna kutembenuza, khomo palibe, chokokera chili mkati kkkk. Kankhani kamutu ndi chikhadabo kapena nsonga ya pensulo kuchokera kumsana kwake, kakasuntha pang'ono pokwana chala ndiye mwapulumuka. Timitu tina tili ndi loko, sitisuntha pokhapokha chokokera chitadzutsidwa, pamenepo phwasulani msoko wa m'mbali pang'ono mulowetse chala. Panopa ndinalemba ndi choko pa thabwa la makina kuti TSEGULA ZIPI, makasitomala amandifunsa kuti ndi za chani.

Zipi ikamaluma nsalu potseka ndiye kuti munasoka pafupi kwambiri ndi mano kapena simunapondereze. Siyani mpata wa 3 mm kuti kamutu kadutse momasuka, kenako pindani nsalu ichoke ku mano, ikandeni ndi chogwirira cha sizasi kuti igone, sokani msoko wina pamwamba. Ngati mulibe phazi lopyapyala la zipi gulani, ndi kanthu kotchipa koma kamasintha ntchito yonse. Mukafika pomwe pali kamutu siyani singano ili pansi, kwezani phazi, kadutsitseni kumbuyo, pitirizani, osati kukazungulira ngati mukuzemba chitsa.

Msoko kulekana ulusi uli wosaduka, ndi nkhani ya madzi

Kasitomala akabweza kathumba katang'ambika pa msoko yang'anitsitsani. Mukapeza masitichi ali onse koma nsalu yasololoka n'kusiya ndevu, vuto ndi kuyoyoka. Ulusi wa nayiloni ndi woterera, m'mphepete mosawamba mumasololoka umodziumodzi mpaka kufika pa msoko. Siyani sentimita yathunthu kunja kwa msoko, ndipo chidutswa chilichonse chiwambeni m'mphepete musanasoke. Yatsani kandulo, dutsitsani mphepeteyo m'munsi mwa lawi pomwe pali pobiriwira, mwachangu, osati kunsonga komwe kumadetsa ndi mwaye. Mukachedwetsa pamapanga timibulu tolimba tomwe timathyola singano ndi kukanda foni. Kapena tenthetsani mpeni wakutha pa mbaula mudulire nsaluyo pa galasi kapena pa lata, imaduka ndi kuwambika nthawi imodzi. Chitirani panja, utsi wake si wabwino, ndipo dontho la nayiloni yosungunuka likakugwerani pa chala limamatirira, mudzavina. Mukafuna mkati mooneka mwaukhondo kutirani misokoyo ndi kariboni kopinda pakati.

Za madzi tiyeni tinene zoona kwa makasitomala. Kathumba kosoka ndi singano, kokhala ndi zipi wamba, kamapirira mvula yowaza ndi mame a m'maudzu, koma sikoti munthu angagwe nako mu mtsinje foni n'kutuluka youma. Madzi amalowa m'mano a zipi ndi m'mabowo a singano. Chimene mungachite ndi kuchepetsa. Mbali yonyezimira ya nsalu, yokutidwa ija, ikhale mkati kuti isakhulike ndi miyala. Dulani kathumba ngati chidutswa chimodzi chopinda pansi kuti kunsi kusakhale msoko. Zipi muiike pambali cha kumtunda, muisokere kachipewa ka nsalu kogwera pamwamba pake ngati khonde la nyumba. Zilipo zipi zina zokutidwa ndi kapulasitiki pamwamba, zija zimaoneka zosalala pa majekete odula, zimathandiza koma zimalimba pokoka ndipo nazo zimalowa madzi pamene pathera kamutu.

Nsalu ya kaunjika iyeseni musanaidule. Pangani kachithaphwi, thiranimo madzi, dikirani, onani pansi. Ikakhala yomata m'manja, yonunkha fungo lowawasa, kapena ikusupuka timamba toyera ngati mfundu, ndiye kuti chokutira chake chaola, isiyeni olo mtundu wake ukongole bwanji. Alamu anga ndinawauza kuti foni aziyamba aikulunga m'pepala la shuga kenako n'kuika m'kathumba, ndipo pa chiperoni cha June mpaka pamwamba pa Sapitwa, mamita 3,002, pepala la shugalo ndi limene limagwira ntchito yaikulu, ine ndimangolandira ulemu.

Kachepa, komanso kakuduka pa lamba

Foni ikukana kulowa pomwe munayeza bwinobwino? Munayeza foni koma simunawerengere zimene msoko umadya. Sentimita mbali iyi, sentimita mbali iyo, tizigamba ta kumapeto kwa zipi tadyanso khomo, kamutu nako kamaima pakhomo pomwepo. Kuti kathumba katuluke 20 cm kwa 12 cm dulani 22 kwa 14, ndipo khomo la zipi lipose chinthu cholowacho ndi masentimita awiri kapena atatu. Mukafuna kokhala ndi matako kuti kaziima, dziwani kuti kabokosi ka 2 cm kochotsa pa kona iliyonse, kuyeza kuchokera pa msoko, kamakupatsani kunenepa kwa 4 cm koma kamadya 4 cm m'litali mwa pansi ndi 2 cm mu msinkhu. Ine ndimayamba ndapanga ka pepala la simenti n'kumata ndi mapini, kuikamo chinthucho, ndikakhutira ndiye ndigwire nsalu.

Kogwirira pa lamba wa thalauza kapena pa chikwama ndi pomwe pamalandira nkhanza zonse, munthu akamakwera miyala kathumba kamakoka pamenepo sitepe iliyonse. Mzere umodzi wa masitichi sungalimbe, ndipo olo ulimbe umang'amba nsalu. Tengani kalamba ka pa chikwama chakutha, wambani nsonga zake, ikani chigamba cha nsalu yokhuthala kumbuyo mkati mwa kathumba, sokani kabokosi kenako mtanda wopingasa mkati mwa kabokosiko. Chitani izi nsalu ikadali yoyala, musanatseke m'mbali, chifukwa kathumba kakatsekedwa phazi la makina silifikamo ndipo mudzasoka kutsogolo ndi kumbuyo limodzi ngati mmene ndinachitira ine kawiri konse.

Kachitsulo kokokera zipi nako ndi kakang'ono kwa munthu amene zala zauma ndi kuzizira m'mawa ku Chisepo, kanyumba kogona alendo kuphiriko, komanso kamalira ngwerengwere njira yonse. Ndimamangirirapo kachingwe ka nsapato kofiira kapena kachikasu, kotalika ngati chala, mfundo kumapeto, nsonga zowamba. Alamu amati kowala ndiye bwino chifukwa usiku m'kanyumba kogona muja amakapeza msanga, ndipo sabata yatha anabwera ndi anzawo awiri, wina akufuna ka zipi ziwiri kuti ndalama za tipi zisamasakanikirane ndi machesi. Timitu ta nambala 5 tandithera, ndiye Loweruka ndikwera minibasi ya ku Limbe.